CIWINDA WA KU LUANGWA

Kum'mawa kwa mtsinje wa Luangwa, m'dziko la Mfumu Kakumbi pafupi ndi Mfuwe, kuli mudzi wina waung'ono wa Akunda. M'mudzimo mukhala nkhalamba ya imvi mutu wonse. Anthu saichula dzina lace ai; onse, akulu ndi ana omwe, amaiitana kuti Ciwinda, ndiko kunena mlenje wodziwa kupha nyama zazikulu. Koma codabwitsa ndi ici: papita zaka zoposa 30 munthuyu osaomba mfuti. Pa khoma la nyumba yace palibe uta kapena mkondo monga kwa alenje akale. Pali kacidutswa ka waya wadzimbiri, kopacikidwa pa msomali. Mlendo akafunsa za wayayo, Ciwinda ayamba wakhala cete, nakoka fodya wace wa m'mphuno, ndipo pambuyo pace asimba nkhani yonse osabisa kanthu.

Malamulo a Makolo ndi a Boma

Atate wace a Ciwinda anali mlenje womveka, wa mfuti ya gogodera. Anamphunzitsa mwana wao kuzindikira mapazi a nyama pa dothi, kudziwa kumene mphepo icokera mwa kuwaza phulusa, ndi kuyenda m'chire osathyola kamtengo. Anamphunzitsanso malamulo, pakuti ndi kale lomwe uzimba unali ndi malamulo ace. Mlenje wabwino sanali kupha nyama ya bere kapena yoyamwitsa. Akapha njovu, mnyanga umene unagunda pansi unali wa mfumu, mwini dziko. Cikopa ca mkango ndi ca nyalugwe cinali kupitanso kwa mfumu. Nyama inali kugawidwa mudzi wonse, ndipo mkazi wamasiye sanali kuiwalika.

Pamwamba pa malamulo amenewa panadza a Boma. M'caka ca 1938 Boma la Angerezi linapatula dziko la kutsidya kwa Luangwa, kufikira ku mapiri a Mucinga, kuti likhale losungiramo nyama. Midzi ina inasamutsidwa, anthu nasiya minda ndi manda a makolo ao, ndipo zimenezi zinawawa mitima ya ambiri. M'caka ca 1950 mzungu wina wa nchito yoyang'anira nyama, dzina lace Norman Carr, anapangana ndi Mfumu Nsefu, mfumu yaikulu ya Akunda, kuti ipatule gawo la dziko lace. Kumeneko anamanga msasa wa alendo odzaona nyama, ndipo ndalama zolipira alendowo zinali kubwerera kwa Akunda eni ace. Ganizo lao linali lakuti nyama yakufa idyedwa kamodzi, koma yamoyo ingathe kubweretsa phindu caka ndi caka.

Dziko la Zambia linalandira ufulu mu 1964, ndipo mu 1972 Boma linalengeza kuti malowo akhale paki, dzina lace South Luangwa National Park, kukula kwace masikweya kilomita 9,050. Pa nthawiyo Ciwinda anali mnyamata wongokwatira kumene, wamphamvu ndi wodzikuza. Atamva za lamulolo anaseka nati, "Kodi mtsinje uwu ndiwo undiletse nyama za makolo anga?"

Zaka za Minyanga

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 minyanga ya njovu ndi nyanga za cipembere zinakwera mtengo kwambiri m'maiko a kutali. Nthawi yomweyo mtengo wa mkuwa, umene unali cuma cacikulu ca Zambia, unagwa. Nchito zinasowa, ndipo sopo, mcere ndi mafuta zinavuta kupeza. Pamenepo m'midzi ya ku cigwa munayamba kufika anthu acilendo, oyenda usiku. Iwo anali kudza ndi mfuti za nkhondo ndi zipolopolo zambiri, nafunafuna anthu odziwa njira za m'thengo. Sanacedwe kumpeza Ciwinda. Anampatsa nsalu ya mkazi wace ndi wailesi, ndipo iye anavomera. Atate wace anamcenjeza nati, "Mwana wanga, uwu si uzimba ai. Anthu awa safuna ndiwo." Koma iye sanamvere.

Anapha njovu zambiri, ndipo kufikira lero safuna kuziwerenga. Koma pali tsiku limodzi limene silicoka m'mtima mwace. Unali mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo, mitengo ya mupani iri yopanda masamba. Kuyambira mbandakuca anali kulondola mapazi a zala zitatu, ndiwo mapazi a cipembere. Masana anacipeza citagona pa mthunzi m'citsamba. Cinali cacikazi, ndipo pambali pace panali kamwana kosafika ndi m'ciuno mwa munthu. Ciwinda anakumbukira lamulo la atate wace, dzanja lace nilinjenjemera. Koma mlendo amene anali pambuyo pace anamnong'oneza kuti, "Omba! Ucedweranji?" Ndipo anaomba.

Kamwanako sikanathawe. Kanali kuzungulira mace, nikamgunda ndi mphuno kuti adzuke, nikalira ndi kamau kakang'ono ngati ka mwana wa mbuzi. Anthuwo anadula nyanga ziwiri ndi nkhwangwa, nyama yonse naisiyira miimba. Panalibe mudzi wogawana nyamayo, panalibe mfumu yolandira gawo lace. Pocoka, Ciwinda anaceuka naona kamwana kali ciimire pa mtembo, ndipo anadziwa kuti afisi adzakatha usiku womwewo. Cipembere cimeneco ndico cotsiriza cimene iye anaciona ndi maso.

Nyama zazikulu sizibalana msanga monga mbuzi kapena nkhuku. Cipembere cikhala ndi bere miyezi 15, nicibala mwana mmodzi yekha, ndipo papita zaka ziwiri kapena zitatu cisanabalenso. Njovu ikhala ndi bere miyezi 22. Koma cipolopolo cipha m'kamphindi. Cifukwa cace nyama zinali kutha msanga koposa kubadwa kwace. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 njovu za m'cigwa ca Luangwa zinali pafupifupi 100,000. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zoposa theka zinali zitaphedwa. Zipembere, zimene zinali zikwi zingapo, zinatheratu, ndipo mu 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia monse simunatsale cipembere cakuda ndi cimodzi comwe. Madzi akatayika saoleka.

Ku Bwalo la Milandu

Usiku wina alonda a nyama anambisalira Ciwinda pa dooko, namgwira ali ndi minyanga iwiri pa phewa. Anapita naye ku Cipata. Woweruza atamfunsa ngati anali ndi mau, iye anayankha molimba mtima nati, "Nyama ndi za Mulungu, ndipo makolo anga anali kuzipha kuyambira kale." Woweruzayo anamyang'ana nati, "Ndi zoona. Makolo ako anazipha, nakusiyira zina. Nanga iwe udzasiyira ciani ana ako?" Ciwinda anasowa poyankha, pakuti fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Anakhala m'ndende zaka zingapo. Alendo aja a mfuti za nkhondo sanaoneke ndi tsiku limodzi lomwe. Mkazi wace analima yekha, wailesi ija naigulitsa kuti agule cimanga. Mwana wao woyamba analeka sukulu. Ndipo atate wace anamwalira iye ali m'ndende momwemo, kotero kuti sanaponyeko ndi dothi lomwe pa manda ao. Pamenepo anazindikira kuti mau a akulu akoma akagonera.

Mlenje Asanduka Mlonda

Atamasulidwa anapeza zinthu zirikusintha. Boma linaona kuti alonda ocepa ocokera kutali sangathe kusunga dziko lalikulu cotere ngati eni midzi sagwirizana nao. Cotero linayamba kulemba anthu a m'midzi yomweyo nchito yolonda nyama. Ndiponso mu 1989 maiko a m'pangano lochedwa CITES anamvana kuletsa malonda a minyanga pakati pa dziko ndi dziko. Ciwinda anakadzipereka yekha. Ena anati, "Kodi mungapatse fisi nchito yoweta mbuzi?" Koma mfumu ya mudzi inamnenera niti, "Palibe wina adziwa madooko ndi njira za akuba koposa uyu." Ndipo anamlemba.

Pa nchitoyo anaphunzira lamulo limene kale anali kuliseka. Lamulo la nyama linakonzedwanso mu 1998, ndiponso mu 2015. Lamulo la 2015 linena kuti nyama zonse za m'thengo ziri m'manja mwa Mtsogoleri wa Dziko, amene azisunga m'malo mwa anthu onse a m'Zambia. Motero njovu ya ku Luangwa si ya munthu amene waiona poyamba ai. Ndi ya mwana wa ku Mongu ndi wa ku Kasama yemwe, ndi ya ana amene sanabadwe.

M'paki munthu saloledwa kulowa kapena kumanga nyumba popanda cilolezo. Saloledwa kupha kapena kuvuta nyama, kutenga mazira a mbalame, kudula mtengo, kutentha chire, kapena kulowa ndi mfuti, msampha ndi mankhwala akupha. Saloledwanso kulowetsamo agalu ndi ng'ombe. Liri lonse la malamulowa liri ndi cifukwa cace. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje igwira dothi kuti madzi asaligumule. Cipika cogwa pansi ndi nyumba ya abuluzi ndi tizirombo timene mbalame zimadya. Galu wa pamudzi angathe kupatsira mimbulu matenda a ciwewe. Ndipo wopha njovu kapena cipembere popanda cilolezo, kapena wopezedwa ndi minyanga, alowa m'ndende zaka zosacepera zisanu, ndalama sizingamuombole.

Pofika 2015 mapaki a m'Zambia anakwana 20. Pozungulira ambiri a iwo pali madera ena 36 m'mene anthu akhala pamodzi ndi nyama. Mudzi wa Ciwinda uli m'dera lotere, lochedwa Lupande. M'maderawa anthu alima ndi kumanga, koma wofuna kupha nyama ayenera kukhala ndi laisensi, ndipo kuchera waya nkoletsedwa ndithu. Gawo la ndalama za malaisensi liyenera kubwerera ku midzi kudzera m'mabungwe osankhidwa ndi anthu eni ace, kuti amangire zipinda za sukulu ndi kukumba zitsime.

Ciwinda anagwira nchitoyo kufikira mabondo ace atatopa, ndipo anapuma.

Walira Mvula Walira Matope

Pamene kupha kunacepa, njovu zinayamba kubwerera ndi kulimba mtima. Njovu siidziwa malire a paki. Usiku zimaoloka mtsinje, nizilowa m'minda, nizigwetsa nkhokwe, nizithyola nthambi za mango pa khomo penipeni. Caka cina, cimanga citangoyamba kukhwima, njovu zisanu ndi ziwiri zinalowa m'munda wa Ciwinda. Anthu anaomba zitini nayatsa miuni, koma sizinasunthe. Kutaca, munda wonse unali ngati bwalo la mpira. Nkhalambayo inakhala pansi pa culu, nigwetsa misozi. Panalibe woilipira cimanga cace. Ciwinda sabisa zimenezi. Amati lamulo ndi katundu, ndipo mbali yolemera ya katunduyo isenzedwa ndi mlimi wosauka wokhala m'mphepete mwa paki.

M'nyumbamo munali mdzukulu wace, mnyamata wa zaka 14, wa Giredi 7. Iye anaona agogo ace akulira, naona amace akugawa nsima yocepa, mtima wace nuwawa. Patapita masabata awiri, madzulo ena mu mphika munapezeka nyama ya nswala. Ciwinda sanadye. Anamuitana mnyamatayo kuseri kwa nyumba.

"Mdzukulu wanga, waya wa mabuleki a njinga yanga uli kuti?"

Mnyamatayo anayang'ana pansi. Pambuyo pace anati, "Agogo, nyama zinadya cimanga cathu. Kodi ife tikadya nyamazo talakwa?"

"Wachera misampha ingati?"

"Isanu ndi umodzi, Agogo."

"Mawa tambala woyamba akalira, undidzutse. Tikaione pamodzi."

M'mawa anapita, nkhalamba iri patsogolo ndi ndodo yace. Misampha inai anaipeza iri cabe, naimasula. Pofika pa wacisanu anamva nthambi zikuthyoka. Kumeneko kunali mwana wa nyamalikiti, waya utamgwira mwendo wa kumbuyo. Anali atakoka usiku wonse, kotero kuti wayayo unadula cikopa nulowa m'mnofu, ndipo nchenche zinali zitayamba kuunjikana pa cironda. Capatali pang'ono mace anaimirira, khosi liri njo, osathawa.

Ciwinda ataona mwana ndi mace anagwira mtengo kuti asagwe, pakuti zinamkumbutsa tsiku lija la October. Mnyamatayo anayamba kulira nati, "Agogo, ine ndinachera nswala, osati iyi."

"Waya ulibe maso," anatero Ciwinda. "Ugwira mkango, ugwira mmbulu, udula citamba ca njovu. Ndipo nyamalikiti ya mtundu uwu siipezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi, koma m'cigwa muno mokha. Ife awiri sitingathe kuimasula. Ingatiphe ndi mwendo. Tsono tamvera. Tikabisa, ifa pano. Tikakanena, mlandu ugwera iwe, ndipo manyazi agwera ine, amene ndinali mlonda. Ine ndinasankha kale njira yanga pa tsiku lotere, ndipo ndinasankha moipa. Lero usankhe ndiwe."

Pamenepo nkhalambayo inakhala pansi pa mthunzi, nisimbira mdzukulu wace za cipembere ndi kamwana kace, nkhani imene sinauzepo munthu wina ali yense, ngakhale mkazi wace. Itatha, mnyamatayo anakhala duu kanthawi. Kenaka anapukuta misozi nati, "Khalani pompano, Agogo. Ine ndithamanga."

Anathamangira kwa mfumu ya mudzi naulula zonse, ndipo mfumuyo inatuma mau kwa alonda. Dzuwa lisanafike pamutu kunadza galimoto ndi dokotala wa nyama. Iye analasa kanyamako ndi jekeseni wogonetsa, anthu nakagwira khosi, nadula waya, natsuka cironda, nathira mankhwala. Posacedwa kanadzuka, nikatsimphina kunka kwa mace, ndipo ziwirizo zinalowa m'mitengo. Ciwinda anatola kacidutswa ka waya wodulidwawo, napempha kuti akasunge. Ndiko kamene kali pa khoma paja.

Mlandu unakambidwa pamaso pa mfumu ndi alonda. Popeza wolakwayo anali mwana, ndiponso anadziulula yekha, sanapite naye ku Cipata. Anamdzudzula kolimba, namlamula kuti masiku onse a chuthi aziyenda ndi alonda kufunafuna mawaya m'mphepete mwa midzi.

Njala ya caka cimeneco sinathe cifukwa ca zimenezi ai. Banjalo linapulumuka ndi maganyu, ndi mango, ndi ndalama zimene anali kutumiza mwana wamkazi wa Ciwinda, wogwira nchito yophika pa msasa wina wa alendo. Koma dzinja lotsatira agogo ndi mdzukulu anabzala tsabola kuzungulira munda, pakuti njovu idana ndi tsabola. Anamanga zingwe zopaka tsabola wosinja ndi oilo wakutha nchito. Anaumbanso njerwa za ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola, naziyatsa usiku kuti utsi wace uzilowa m'zitamba. Njovu sizinaleke kudza, koma kawirikawiri zinali kubwerera pa malire, ndipo caka cimeneco nkhokwe inalandira kanthu.

Kulira kwa Cipembere

M'caka ca 2003 zipembere zakuda zisanu zinabwera pa ndege kucokera ku South Africa, nizitsitsidwa m'paki ya North Luangwa. Zina zinatsatira, kufikira zinakwana 25 mu 2010. Alonda anayamba kuzilonda usana ndi usiku, ndipo zinayamba kubala ana pa dothi la Zambia. Nyama imene kale inali kuyenda kuseri kwa midzi inacita kubwerekedwa kwa eni dziko lina, ndi ndalama zambiri ndi nchito yaikulu. Ciwinda sanapiteko kukaziona, pakuti ndi kutali ndipo miyendo yace yatha. Mdzukulu wace anangociona cipembere pa cithunzi ca m'buku la kusukulu.

Nkhalambayo idziwa kutsanzira kulira kwa nyama iri yonse, ndipo madzulo ana amaizinga pa moto kuti iwalirire ngati mvuu, ngati fisi, ngati nkhwazi. Usiku wina mdzukulu uja anafunsa nati, "Agogo, nanga cipembere cilira bwanji?"

Ciwinda anasonkheza moto, nakhala cete nthawi yaitali. Potsiriza anati, "Ine ndidziwa kulira kwa mwana wace yekha, ndipo kulira kumeneko sindifuna kuti iwe ukumve. Limbika sukulu. Tsiku lina udzapite ku North Luangwa, ukacione ciri camoyo, cikudya masamba ndi mwana wace pambali. Ukabwerako udzandiuze ndiwe."

Mafunso

1. Chulani malamulo atatu a uzimba amene Ciwinda anaphunzira kwa atate wace.
2. Cifukwa ninji zipembere ndi njovu zinatha msanga koposa kubadwa kwace?
3. Chulani zinthu zinai zimene lamulo liletsa m'paki, ndi cifukwa ca cimodzi ca izo.
4. Kodi mwambi wakuti "Walira mvula walira matope" ugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?
5. Mukadakhala inu mdzukulu wa Ciwinda pa msampha wacisanu paja, mukadacita ciani? Fotokozani cifukwa cace.